Batire Siligona Panja

Inu ana anga, Tiyamike, Dalitso ndi Madalo, mwakhala mukundifunsa zinthu ziwiri. Choyamba, chifukwa chake ndinachoka pa ntchito nthawi yanga isanakwane, popanda phwando, popanda ngakhale wotchi ya pakhoma imene anzanga opuma analandira. Chachiwiri, chifukwa chake tukutuku, kagalimoto ka matayala atatu ka kampani imene ndinaisiya kale, imagona pabwalo pathu, pamene panali dimba la repu la amayi anu. Mafunso awiriwa yankho lake ndi limodzi. Ndikayamba kufotokoza pakamwa mtima umandikwera, amayi anu n'kundidula mawu, choncho ndaona kuti ndilembe. Ambuye andithandize kulemba popanda kunyoza munthu, ngakhale alipo ena amene akundivuta kuwatchula modekha.

1983, ku Heavy Industrial

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza pa shopu yokonza mabatire a galimoto ku dera la mafakitale la Heavy Industrial. Agogo anu, amene anabwera kuno kuchokera ku Malawi ali mnyamata, ndiwo anandipereka m'manja mwa kapitawo wa pamenepo, ba Njobvu, munthu wamfupi wa zala zakuda ngati makala. Masiku amenewo zinthu zinkasowa m'dziko muno, sopo, mafuta ophikira, ngakhale buledi, ndiye batire latsopano ukanalipeza kuti? Batire likafa sitinkalitaya. Tinkatenthetsa mpeni, kudula phula la pamwamba, kutulutsa mapuleti owola, kuikamo ena otengedwa m'batire linzake, kusungunula mtovu ndi kuumba mitu yatsopano, kenaka kutsekanso ndi phula. Asidi ankadya ovololo mpaka kuoneka ngati sefa, ndipo amayi anu pamene ndinkawafunsira ankati ndimanunkha ngati mazira oola. Koma ndinaikonda ntchitoyo. Kuona chinthu chimene mwini wake wachilira kale chikudzutsanso lole kunkandikumbutsa mafupa ouma aja a m'chigwa amene anavalanso mnofu.

Waranti, ndiko kuti lonjezo la wogulitsa lakuti chinthu chikafa msanga adzakonza kapena kupereka china, inaliponso masiku amenewo, koma inkakhala pakamwa pa ba Njobvu. Munthu akafunsa kuti batire limeneli likhala nthawi yaitali bwanji, iwo ankayankha kuti, “Likafa mvula isanagwe, bwerani nalo. Likafa mvula itagwa, n'chifuniro cha Mulungu.” Ndipo munthu akabweradi nalo ankamukonzera, popanda kufunsa pepala. Asanamulole kutuluka pa geti ankamupatsa lamulo limodzi, chala chili m'mwamba: “Batire siligona panja.” Aliyense wa m'komboni ankalidziwa lamulo limeneli. Dzuwa likalowa unkamasula batire, kulinyamula, kukaliika pansi pa bedi, chifukwa akuba ankafuna mtovu wake. Galimoto inkagona panja, koma mtima wake unkagona ndi eni ake m'nyumba.

Shopu ija inatsekedwa m'zaka zimene makampani ambiri ankagwa. Inu akuluakulu mukukumbukira mmene ndinkatchajira mabatire a mawailesi ndi ma TV a anthu pakhonde pathu pano pa Chawama. Sindikhalitsa pamenepo. Tinadya, sitinagone ndi njala, ndipo Iye amene amadyetsa mbalame sanatiiwale.

2003, ku bekare

M'chaka chimenechi ndinalembedwa ntchito pa galaja ya kampani yophika buledi, kuyang'anira mabatire ndi mawaya a mavani operekera buledi m'makomboni. Bwalo la kampani linali laling'ono, ndipo madalaivala ankayenera kufika mamawa minibasi zisanayambe kuyenda, motero aliyense ankapita ndi vani yake kunyumba. Kampani inali ndi lamulo lolembedwa lakuti batire likabedwa galimoto ili m'manja mwako, ntchito yatha. Ndinaona ndi maso anga bambo wina wa ku komboni ya George, wa ana ambiri, akuchotsedwa chifukwa tsiku limodzi anadwala malungo n'kulephera kumasula batire. Kuyambira pamenepo dalaivala aliyense ankayenda ndi sipanala yake m'thumba monga mmene ine ndimayendera ndi Mawu a Mulungu.

Mabwana ndinaona ambiri, ena aukali, ena aulesi, koma amene ndinamaliza naye anali ba Sakala, mkulu wa za magalimoto. Sanali munthu woipa. Vuto lawo linali liwu limodzi lakuti “tizaona.” Ukawauza kuti denga la galaja likudontha, “tizaona.” Ukawauza kuti madzi othira m'mabatire atha, “tizaona.” Ndikhulupirira kuti akanakhalapo masiku a chigumula, akanaima pakhomo pa chingalawa madzi ali m'mawondo n'kunena kuti tizaona.

2022, matukutuku a magetsi

Eni kampani anatopa ndi mtengo wa mafuta, nagula timagalimoto ta matayala atatu toyendera magetsi. Madalaivala anatitcha matukutuku, ngakhale sitilira konse, timangodutsa mwakachetechete ngati mphaka, mpaka amayi ogulitsa tomato m'mphepete mwa msewu ankatitukwana kuti tikuwadzidzimutsa. Kampani yogulitsa inatumiza katswiri wake kudzatiphunzitsa, mtsikana wa msinkhu wa Madalo, dzina lake ba Mutinta. Anatsegula pansi pa mpando natisonyeza bokosi lachitsulo lolemera ngati thumba la simenti, lomangidwa ndi mabawuti. Anati batire limeneli ndi la mtundu watsopano, ndipo opanga akulonjeza kuti likafooka kapena kufa zisanathe zaka zisanu ndi zitatu adzapereka lina ulere. Ine ndinaseka. Moyo wanga wonse batire likapyola mvula ziwiri tinkayamika Mulungu.

Ndinafunsa kuti madzi tizithira pati.

“Ba tate, iyi sifuna manzi,” anatero ba Mutinta. “Sifuna asidi. Simufunika kuisegula, simufunika kuichosa, olo kuigwira chabe.”

“Nanga ine ntchito yanga ikhala yotani?”

“Muziyang'ana chabe silu.”

Silu imeneyi inali kawaya kopyola m'mitu ya mabawuti, komangidwa ndi kamtovu kakang'ono ngati njere ya nyemba, kofinyidwa ndi chizindikiro cha opanga. Kawayako kakaduka, waranti yatha. Ndinawerenga pangano lonselo, masamba ambirimbiri a zilembo zazing'ono ngati nyerere. Lonjezo linali la mizere yochepa, koma zoletsa zinali zochuluka kuposa malamulo a m'chipululu. Usalitsegule, usalimasule, usalimize m'madzi, usalitchaje ndi tchaja ya wina. Ndinadziwa pomwepo kuti amene analemba zimenezi galimoto yake imagona m'nyumba yakeyake ya chitseko, ndipo sanaonepo msewu wa ku Kanyama mvula itagwa.

Sindikana kuti mabatirewo anali odabwitsa. Miyezi inkapita, osafooka, osatupa, osachita dzimbiri pamitu. Ine amene ndinkafika kunyumba manja akuyabwa ndi asidi ndinayamba kufika ndi manja oyera ngati kalaliki, ndipo ndinkadziwa kuti m'maofesi ayamba kufunsana kuti mkulu ameneyu timamulipiriranji. Koma chimene chinkandisowetsa mtendere ndi china. Ndinapita kwa ba Sakala n'kuwauza kuti, “Bwana, tili ndi malamulo awiri omenyana. Lathu likuti batire likabedwa dalaivala achoke. La ogulitsa likuti batire likamasulidwa waranti ithe. Munthu wogona ku komboni asunga liti? Pezani bwalo la mlonda kuti matukutuku azigona pamodzi, kapena chotsani lamulo lathu lija.”

“Ba Mbewe, imwe muganiza maningi,” anatero. “Tizaona.”

Madalaivala ambiri anayamba kulipira okha pa mabwalo a alonda a kufupi ndi kwawo. Mmodzi yekha sanatero, Mwansa, mnyamata wobadwira m'tauni muno, wopemphera ku matchalitchi a ng'oma ndi malilime, wokhala m'chipinda cha lendi ku komboni ya Kuku ndi mkazi wake ndi ana awiri. Anali dalaivala wabwino koposa onse, buledi wake sankasowa ngakhale mmodzi. Tsiku lina poyang'ana tukutuku yake ndinapeza kawaya ka silu kataduka, kenaka kopotedwanso mwaluso kuti kaoneke ngati kali bwino. Ndinamuitanira kuseri kwa galaja.

“Mwansa, ichi n'chiyani?”

“Ba mudala, ku Kuku munakhalako? Ife olo nsapato sitisiya panja. Manje ine nisiye batire ya ndalama zonse izi?”

“Bwanji osakaika kwa alonda monga anzako?”

“Ba gadi ba kwathu? Niwo bamene bagulisa vinthu! Bagona monga bana.”

“Nanga chinthu cholemera chonchi umachinyamula bwanji?”

“Na ba madamu. Beve kusogolo, ine kumbuyo. Igona mushe kumutu kwa bedi.”

Ndinagwira mutu. M'kachipinda kamodzi, ana awiri, mbaula ya makala, ndi batire la mphamvu yoyendetsa katundu tsiku lonse! Ndinamufotokozera za moto, ndinamufotokozera za waranti, ndinamufotokozera kuti pulagi yake sinapangidwe kuti izizulidwa m'mawa ndi madzulo. Anamvetsera mwaulemu, manja kumbuyo, n'kuyankha kuti, “Namvera, ba mudala. Koma batire sigona panja. Batate banga banali ba minibasi, ndiye vamene bananiphunzisa.” Anali mawu a ba Njobvu enieni, atayenda zaka zonsezi n'kundipeza pakamwa pa mwana amene sanawaonepo. Ndinapitanso kwa ba Sakala tsiku lomwelo kukawauza zonse. Yankho mukulidziwa.

2024, silu yoduka

Zinachitika m'nyengo ya fumbi. Tukutuku ya Mwansa inazima pakati pa msewu ku Kanyama, buledi ali wodzaza, ndipo inabwera ku galaja yokokedwa ndi chingwe, ikununkha pulasitiki wopserera. Mwansa anali ataipempherera kale pamsewu pomwepo, ataidzozanso mafuta a ku tchalitchi kwawo, koma sinadzuke. Ba Sakala anaimbira ogulitsa, ndipo anati ba Mutinta abwera Lolemba. Linali Lachisanu. Anthu ataweruka ba Sakala anandiitana mu ofesi, natseka chitseko, chinthu chimene sankachita.

“Ba Mbewe, imwe na mutovu ndimwe ba pachibale,” anatero akumwetulira. “Ka silu aka ni kang'ono chabe. Muone pa tukutuku inangu, mupange kolingana, mumange. Ba Mutinta bazaona silu ili bwino, batipasa batire ya nyowani, nkhani yasila.”

Ndinati, “Bwana, mukundipempha kuti ndiumbe bodza.”

“Nikupemphani kuti muthandize Mwansa. Ngati waranti yafa, bene ba kampani bazafuna mutu wa munthu. Muganiza uzankhala mutu wa ndani? Ali na bana babili uja.”

Apa ndipo pali chimene ndikufuna mumvetse, ana anga. Ntchitoyo inali yosavuta. Ndinaima pa tukutuku ina n'kugwira kamtovu kaja ndi zala, ndipo manja anga anadziwa okha chochita: kudinda chizindikiro pa dothi losalala, kusungunula kachidutswa ka mutu wa batire lakale pa supuni, kuthira, kupala pang'ono, kudetsa ndi fumbi. Tiyi asanazizire ndikanamaliza. Kwa zaka ziwiri ndinali munthu wopanda ntchito yeniyeni pa galaja ija, ndipo tsiku loyamba limene luso langa linafunikanso, linafunika kuti ndinamize. Woyesa uja sabwera ndi chinthu chimene sungathe. Amabwera ndi chimene umachitha bwino koposa.

Loweruka lonse ndinakangana ndi mtima wanga. Ndinadziuza kuti opanga mabatire ndi olemera, ali kutsidya kwa nyanja, batire limodzi kwa iwo ndi dontho. Ndinadziuza kuti pangano lawo ndi losalungama, lolembedwa ndi anthu osadziwa kumene ife timagona. Ndinakumbukira ngakhale anamwino aja a m'dziko la ukapolo amene ananamiza mfumu kuti ana akhale ndi moyo, Mulungu nawadalitsa. Koma ndikafika pamenepo ndinkamva funso lina: kodi pano pali mwana amene akuphedwa, kapena pali bwana amene akubisa ulesi wake? Ndipo ndinkaona sikelo ija yonyenga imene Ambuye amanyansidwa nayo, ngakhale wonyengedwayo akhale wolemera.

Lamlungu masana, titabwera ku mapemphero, Mwansa anafika pano ndi mkazi wake, mwana kumbuyo. Mkaziyo anagwada pafupi ndi amayi anu. Mwansa anakana mpando, anakhala pa buloko.

“Ba mudala, ba Sakala baniuza kuti vonse vili mumanja mwanu,” anatero. “Ine sininabe. Ninali kusunga katundu wa kampani. Manje nichosedwe nchito chifukwa chosunga?”

“Sunabe, ndikudziwa.”

“Ndiye pangani chabe ka silu. Mulungu aona mutima, ba mudala, saona silu.”

“Amaona zonse ziwiri, mwana wanga.”

Anandiyang'ana m'maso nati, “Imwe muzapuma chaka chamawa, muli na nyumba yanu, bana banakula. Chilungamo chanu ni ine nizachilipira.” Mawu amenewo anandilasa, chifukwa anali oona. N'chapafupi kukhala wolungama pamene njala yake ikagwera nyumba ya wina. Atapita ndinafunsa amayi anu maganizo awo. Iwo anali kuthyola repu m'dimba, ndipo sanatembenuke n'komwe. Anati, “Bambo a Tiyamike, manja amenewo ndi amene mumanyamulira mbale ya mgonero. Koma ngati mukana, musakane n'kubwera kudzakhala pansi kuno ngati mwamaliza. Mwanayo ali ndi ana.”

Lolemba ba Mutinta anafika ndi chikwama chake cha zida. Anagwada, nayang'ana pansi pa mpando, nanyamula kawaya koduka ndi chala chimodzi. “Nindani anajuba silu?” Ba Sakala anandiyang'ana ngati ndawaponda chilonda. Ine ndinafotokoza zonse: kumene Mwansa amakhala, lamulo la kampani yathu, ndi mmene iye ndi mkazi wake ankanyamulira batire madzulo alionse. Mtsikanayo anayamba kuseka, kenaka anaona nkhope ya Mwansa n'kuleka. Anati pepani, waranti yatha, ndipo iye sangalembe zosiyana ndi zimene waona.

Pamenepo mtima unandikwera. Ndinati, “Mayi, ndifunseko. Batire limeneli likanabedwa, mukanatipatsa lina?”

“Awe, ba tate. Kubedwa sikuli mu waranti.”

“Ndiye likabedwa si mlandu wanu. Likabisidwa kuti lisabedwe, si mlandu wanunso. Likalowa m'madzi a ku Kanyama, kumene buledi amayenera kufika, si mlandu wanu. Zaka zisanu ndi zitatu zimenezi munalonjeza ndani? Munthu wokhala kumwamba?”

“Sindine ninalemba, ba tate,” anayankha mofatsa. “Naine nikhala ku Mtendere. Ninabauza kudala kuti ku komboni vinthu siviyenda so. Baniyankha kuti bazaona.”

Ndinatembenuka kuyang'ana ba Sakala, koma iwo anali kuyang'ana denga.

Popeza pangano linali litafa kale, panalibenso choletsa kutsegula. Ba Mutinta anavala magolovesi a mphira natiuza tonse kuti tiime patali, koma ine anandilola kusuzumira. Ana anga, zaka makumi anayi ndakhala ndikutsegula mabatire, koma m'menemo sindinazindikire kanthu. Munalibe mapuleti, munalibe madzi, munalibe ngakhale fungo. Munali timabokosi tondandalikidwa bwino, timawaya tating'ono ngati ulusi, ndi kabolodi kobiriwira. Ndinaima ngati mlendo pa maliro a eni. Iye anapima apa ndi apo, nanena kuti chapsa ndi pulagi, imene inakhwepa chifukwa chozulidwazulidwa, ndipo yapsereza kabolodi kaja. Zimenezo angasinthe, koma kampani ilipire yokha, ndipo mtengo wake si wamasewera.

“Nanga batire lenilenilo?” ndinafunsa.

“Ilibe vuto olo pang'ono. Iyi ingakupelekezeni na kumanda, ba tate.” Atatero anagwira pakamwa n'kupepesa, koma ine ndinamuuza kuti asapepese, wanena zoona, masiku a munthu ali ngati udzu.

Madzulo ake ba Sakala anandiitananso. Kalata yochotsa Mwansa ntchito inali kale pa tebulo. Anati, “Mwakondwera manje? Chilungamo chanu ichi.” Ndinapempha Ambuye agwire lilime langa, chifukwa mawu amene anali kubwera sanali a munthu wopemphera. Kenaka ndinati, “Bwana, eni kampani akandifunsa, ndidzawauza zimene ndauza ba Mutinta, ndiponso kuti ndinabwera mu ofesi muno kawiri kudzakuchenjezani. Sindidzawonjezera, sindidzachotsera. Koma pali njira ina. Inu ndi ine tikudziwa kuti mabatire amenewa safuna munthu ngati ine, ndipo akuluakulu akhala akufunsa za malo anga. Ndichoka mwezi uno, osadikira chaka chamawa. Malipiro amene mukanandipatsa akonzere tukutuku. Mwansa mumusiye.”

Anayamba kuzunguza cholembera. Ndinaona milomo yawo ikukonzekera liwu lija, ndipo ndinati, “Bwana, lero lokha musanene kuti tizaona.” Anatenga kalata ija naiika m'dirowa. Mwezi utatha ndinatuluka pa geti ndi ovololo yanga m'pepala la pulasitiki. Phwando panalibe chifukwa ba Sakala sanafune kuti anthu azifunsa mafunso.

Nditafika kunyumba tsiku la nkhaniyo ndinafotokozera amayi anu, ndikuyembekeza kuti mwina andiyamikira pang'ono. Iwo anandimvetsera mpaka kumapeto n'kunena kuti, “Ndiye mwataya ntchito kuti Mwansa akhale. Tukutuku ikakonzedwa, madzulo ake omwewo Mwansa akamasulanso batire, chifukwa ku Kuku sikunasinthe ndipo lamulo la kampani silinasinthe. Ikapsanso mudzapereka chiyani? Ntchito ina muli nayo?” Anayang'ana mpanda wathu wa mabuloko, anayang'ana geti, anayang'ana dimba lawo, napuma mpweya wautali. “Muuzeni azibwera nayo kuno. Koma mudziwe kuti repu muzigula ndinu mpaka kufa.”

Lero

Ndi mmene tukutuku inafikira pabwalo pano. Kampani mpaka lero sinapeze bwalo la mlonda, ndipo lamulo lija likadali m'mabuku awo. Ogulitsa ndamva kuti mabatire awo atsopano akuwalonjeza zaka zochuluka kuposa kale, ndipo sindikayika kuti masamba a zoletsa nawonso achuluka. Batire la Mwansa lilibenso waranti ya munthu aliyense. Likuyenda kunja kwa pangano, mwa chisomo chokha, ndipo silinafookepo. Ine amene ndinapuma pa ntchito ya mabatire ndasanduka mlonda wa batire wosalipidwa, galu akauwa ndimadzuka, ndipo amayi anu sadutsa pa msika osandikumbutsa mtengo wa repu.

Mwansa amafika dzuwa likamalowa, amaimika tukutuku, amatisiyira buledi wogula ndi ndalama zake ngakhale ndimamuletsa, kenaka amayenda wapansi kupita ku Kuku. Koma asanatuluke amazungulira mpanda, kugwedeza geti, kuyang'ana pansi pa mpando, n'kuima akukanda mutu. Dzulo lomweli anati, “Ba mudala, mpanda uyu ni ufupi. Simuona kuti tingailowese chabe mu nyumba? Ine na imwe, mwamusanga.” Ndinamuuza kuti atuluke ndisanachimwe.

Ngati mawu a ba Mutinta adzakwaniritsidwa, batire limeneli lidzakhala likuyendabe ine nditapita kwa Atate. Choncho ndikusiyirani malangizo awiri. Mwansa musadzamuthamangitse pabwalo pano, ngakhale amayi anu adandaule bwanji za dimba, pakuti iwo ndiwo anamuitana. Ndipo sipanala yake, imene ndinamulanda tsiku loyamba, ili m'kabati pansi pa mabuku anga a nyimbo. Adzakupemphani mwaulemu, adzatchula dzina la Yesu, adzanena kuti akungofuna kumangitsa bawuti. Musadzamupatse.